Chitsulo cha a Simfukwe Chinandichitira Umboni

Nkhani iyi sindinawauzepo ana anga, ndipo mukakumana nawo musawauze. Mpaka lero ndikaona wapolisi akupisa m'chikwama cha munthu, msana wanga umayamba kuwawa wokha.

Ndinali mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Thyolo, woonda ngati bango, atanditumiza kusukulu ina cha ku Kaseye, kumpoto kufupi ndi malire a dziko. Tsiku lina ndinalephera kunyamula njinga powoloka mtsinje, mpaka mayi wina wobereka mwana kumbuyo anandiwolotsera. Manyazi amenewo ndiwo ananditengera kwa a Simfukwe, mkulu amene anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Zambia. Kuseri kwa nyumba yawo kunali chitsulo chachitali cha ngolo, chokhala ndi zitini za simenti uku ndi uku, chimene ankanyamula polimbitsa thupi.

"Asambizgi, nkhongono sizibwera tsiku limodzi yayi," ankatero, kunditchula mphunzitsi m'chinenero chakwawo. Anandiphunzitsanso mayina a masewerawo m'Chingerezi chakumigodi. Kutola chitsulo pansi n'kuimirira nacho ndiye "dead lift". Kuchikankhira m'mwamba kupitirira mutu ndiye "military press". Ine pokhala mphunzitsi ndinkalemba zonse m'kabuku. (Apa ndiulule: manambala ndinkawonjezera. Chitsulocho chinali chisanapitirirepo pachifuwa panga, koma m'kabuku ndinkachikweza kakhumi.)

Loweruka lina ndikupalasa kupita kuboma, ndinapeza apolisi atatseka msewu. Masiku amenewo kufupi ndi malire kunkamveka mphekesera za anthu oukira boma, ndipo munthu akatengedwa, abale ake sankafunsa n'komwe kuti ali kuti. Khadi la chipani ndinaonetsa. Kenako sajeni wina wamtali, wa Chichewa cha ku Dowa, anatulutsa kabuku kaja m'chikwama n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono.

"Lachiwiri m'mawa, kuseri kwa nyumba ya S. Military press." Anandiyang'ana. "Aphunzitsi, asilikali ake ati amenewa? Makina osindikizira makalata mwawabisa kuti?"

"Bwana, ndi masewera olimbitsa thupi chabe."

"Masewera. Nanga apa, dead lift kasanu. Akufa asanuwa munawanyamula kupita nawo kuti?"

Ndiye anafunsa funso limene ndinkaliopa: "S ameneyu ndani?" Kutchula munthu amene anakhalapo kunja kwa dziko kunali kumupereka. Kukhala chete kunali kuvomera kuti pali chinsinsi. Ndinawatchula.

Tinafika kwa a Simfukwe pa galimoto ya apolisi, njinga yanga ataiponya kumbuyo. Akazi awo atationa anakhala pansi pomwepo, manja kumutu. Oyandikana nawo anapitiriza kutong'ola chimanga ngati sakuona kanthu. A Simfukwe anavula chipewa n'kutitsogolera kuseri kwa nyumba. Sajeni anazungulira chitsulocho kawiri.

"Chabwino. Kabukuka kakuti mumachikweza kakhumi. Kwezani kamodzi kokha tione. Mukalephera, ndiye kuti mawuwa akunena zina, ndipo nonse awiri tipita limodzi."

A Simfukwe ankadziwa bwino pomwe mphamvu zanga zinkathera. Anangonong'ona kuti, "Asambizgi, msana uwongoke, mpweya mukoke."

Ndinagwira chitsulo. Chinafika m'mawondo. Chinafika pachifuwa, miyendo ikugwedezeka ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Ndinaganiza za mayi anga ku Thyolo, ndinaganiza za mkulu wosalakwayu atamangidwa chifukwa cha cholembera changa, ndipo ndinakankha. Chinakwera! Nthawi yomweyo buluku langa linang'ambika kumbuyo, phwee, kuchokera palamba mpaka pansi. Choipa kwambiri n'chakuti katsitsidwe kake ndinali ndisanaphunzire. (Akanandiphunzitsa bwanji ndisanafikeko?)

"Nditsitse bwanji?" ndinakuwa, chitsulo chili m'mwamba.

"Ponyani kutsogolo!" anatero a Simfukwe.

Kutsogoloko n'kumene kunali sajeni. Chitini chimodzi chinasweka pafupi ndi jombo yake, ine n'kugwa chagada pamtedza umene anayanika pamphasa.

Ndinatseka maso kudikira unyolo. Kenako wapolisi wina anaphulika ndi chiseko, ndipo sajeni naye analephera kudzigwira.

"Ameneyu sangagwetse boma," anatero akupukuta misozi. "Buluku lake lomwe lamukana." Kabuku anapita nako, njinga anandibwezera.

Ndinagona pamphasa milungu iwiri, msana utauma gwa. A Simfukwe ankabwera kudzandiona ndipo sanandidzudzulepo. Akazi awo ndiwo anasoka buluku lija, koma pondipatsa sanamwetulire.

"Asambizgi, mukafuna nkhongono, kalimeni," anatero mayiwo. "Ndi bwino kutero. Khasu silinamangitsepo munthu."

Ndinamvera. Dzinja limenelo ndinapempha kamunda kuseri kwa sukulu n'kudzala chimanga. Anyani a m'phiri anadya chonse, koma palibe amene anabwera kudzandifunsa mafunso.