Ndinamanga Ekizozi Ngati Khola la Mbuzi

Ku Kanyama kuli anthu amene sadziwa dzina limene makolo anga anandipatsa. Amangonditcha "Ba Waya," ndipo ndimayankha, chifukwa dzinalo ndinalipeza ndi manja anga. Ndati ndifotokoze ndekha momwe zinayendera, popeza amene amaifotokoza nkhaniyi pa galaja amathira mchere wambiri (ena akuti apolisi anabwera ndi magalimoto awiri, zimenezo si zoona).

Ndinabwera ku Lusaka kuchokera kwathu ku Chadiza nditamaliza sukulu. Amayi anga aang'ono, amene kuno amadziwika kuti Amake Tisa, amapanga makeke a maukwati, ndipo ankafuna munthu wowayendetsera kagalimoto kawo. Laisensi ndinali nayo, yatsopano. Tsiku londipatsa makiyi sanazungulire.

"Nikuyesa miyezi itatu," anatero. "Keke imodzi ikaonongeka m'manja mwako, basi ya ku Chadiza uidziwa pamene ikwelela."

Ndinati "inde, Amayi" katatu. Kwathu ndinali nditatsanzika mpingo wonse, kwaya n'kundiimbira nyimbo. Kubwerera ndi kachikwama komwe ndinapita nako sindikanakwanitsa. Choncho galimotoyo ndinkaisamala kuposa thupi langa. Ndinkaitsuka isanade, ndipo pa mahampu ndinkadutsa ngati ndanyamula mazira, madalaiva a mabasi akundiimbira hutala ndi kundifunsa ngati ndagona.

Mvula ya chaka chimenecho inadzaza misewu ya ku Kanyama, ndipo ekizozi yakale, paipi yotulutsira utsi, inachita dzimbiri mpaka kubooka. Amayi anagula ina m'tauni. Sinali ya mtundu umene galimotoyo inabadwa nawo ayi; inali yonyezimira, ya pakamwa papakulu, yosankha Tisa, mwana wawo, amene amakonda zinthu zolira. Ananditumiza nayo kwa Ba Chanda kuti akaiike.

Ba Chanda ndi makanika wa kuseri kwa msika. Anagwirapo ntchito m'migodi ku Kitwe asanabwere kuno. Ine sindinaonepo munthu wogwira ntchito ngati iwo. Sipanala iliyonse ili ndi msomali wake pakhoma, ndipo akamaliza nayo amaipukuta asanaibwezere. Salankhula kwambiri. Galimoto ikalowa amaima kaye n'kupendeketsa mutu, kuimvetsera monga mmene namwino amamvetsera chifuwa cha mwana. M'mawa umodzi wokha anadula, kuwotcherera, kumanga, ntchito n'kutha.

"Yenda nayo, mwaiche," anandiuza (mwaiche ndi mmene Abemba amaitanira wamng'ono). "Ikakudandaulila, ubwele."

Masiku awiri inayenda bwino, ikulira ndi mawu okhuthala ngati a besi wa m'kwaya. Tsiku lachitatu ndikutsuka, nsanza yanga inakhudza paipi ija, ndipo inagwedezeka. Ndinaikankha ndi dzanja. Inagwedezekanso, uku ndi uku. Nditagona pansi kuti ndione, ndinapeza zoopsa: chitsulo chonsecho, chodula chotero, chinali kulendewera pa timalabala takuda tiwiri basi!

Tsono mundimvetse. Kwathu chinthu chogwedezeka chimamangidwa. Khola la mbuzi likagwedezeka, timamanga. Nkhokwe, goli la ng'ombe, chitseko cha bafa, timamanga. Agogo anga aamuna anandiphunzitsa kupota waya ndi msomali waukulu mpaka mtengo kulira. Ndinatsimikiza kuti Ba Chanda anaiwala kumanga. Koma ine mwana wadzulo, ndikaime pamaso pa munthu wa imvi, anthu akumva, n'kunena kuti "mwaiwala"? Pakamwa panga sipakanatseguka. Ndinaganiza zowabisira manyazi mwakachetechete (inde, ine, kubisira manyazi Ba Chanda).

Ndinadula chidutswa pa waya woyanikapo zovala. Ndinakulunga paipi ija, kuikokera ku chitsulo cha pansi pa galimoto, n'kupota ndi msomali mpaka inaima nji. Ndinaigwedeza ndi manja awiri, osasuntha. Tsiku limenelo ndinadya chakudya chamasana ndi mtima wa munthu amene wachita zabwino mobisa.

M'mawa mwake nditaliza injini, galimoto yonse inayamba kunjenjemera ngati ili ndi malungo. Chiwongolero chinkandisisita m'manja. Pa galasi loonera kumbuyo, galu mmodzi ankaoneka atatu. Ndinakhala pansi n'kuganiza mofatsa, monga mmene anatiphunzitsira kusukulu, ndipo yankho ndinalipeza: sindinamange mokwanira. Ndinabwerera ku waya woyanikapo zovala. Ulendo uno ndinamanga malo awiri enanso, n'kukokera m'mwamba ndi mphamvu zonse za munthu wolima.

Apa ndi pamene kuphulika kunayamba. Ndikaponda mafuta, zinali bwinoko. Koma ndikangochotsa phazi, "Pha! Pha-pha!" ngati mfuti. Tsoka lake, ine ndine dalaiva wochotsa phazi pa hampu iliyonse, pa dzenje lililonse, ngakhale nkhuku ikangoganiza zowoloka. Pa msika, mayi wina wogulitsa tomato anabisala pansi pa thebulo lake, kenako anatuluka n'kundiuza mawu amene sindingalembe pano. Ndikudutsa m'mbali mwa Chibolya, komboni imene apolisi amasakamo anthu kawirikawiri, popita kukagula ufa wa makeke, anyamata atatu amene anakhala pa mlatho analumpha mpanda osayang'ana kumbuyo. Mmodzi anasiya patapata.

Amayi sabata imeneyo sanakwere galimoto, anali otanganidwa ndi uvuni. Anangomva ndikulowa pa geti.

"Iwe, ni chani icho?"

"Ndi ekizozi yatsopano, Amayi. Ikuzolowera."

Sindinkanama mwadala. Ndinkakhulupiriradi kuti zitsulo zimazolowera, monga nsapato.

Loweruka linafika. Keke ya ukwati, ya nsanjika zitatu, yoyera ngati thonje, inkafunika ku Mtendere ukwati usanalowe mu holo. Amayi anaigwirira ntchito masiku anayi. Anakhala kumbuyo, thabwa la keke lili pamiyendo. Pamwamba penipeni panali tizidole tiwiri, mkwati ndi mkwatibwi, titayang'anizana mwachikondi.

Ndinaliza injini. Maluwa a shuga anayamba kunjenjemera. Tisanafike n'komwe pa tala, ndinamva Amayi akuti, "Iwe, ona!" Nditacheuka, kamkwati kaja kanali kakuyenda pang'onopang'ono, kakutembenuka, mpaka kanafulatira mkazi wake.

"Ukwati usanayambe, basiyana kudala!" Amayi anafuula.

Ndi mantha ndinachotsa phazi. "Pha-pha-pha!"

"Mayo! Batiombela!"

"Si mfuti, Amayi, ndi ekizozi..."

Apa ndinapanga nzeru yanga yomaliza. Ndinati popeza imaphulika ndikachotsa phazi, ndisachotsenso. Hampu yoyamba m'moyo wanga ndinaidutsa osachepetsa liwiro. Nsanjika yapamwamba inaseseleka zala ziwiri, ndipo chala cha Amayi chinalowa m'mbali mwa keke mpaka pa mfundo.

"Imilila!" Ndinaima. Anapuma kawiri, kenako analankhula motsitsa, zimene zimaopsa kwambiri kuposa kufuula kwawo. "Tiye kwa Chanda. Manje manje. Lelo azanidziwa."

Njira yonse ankakonzekera mawu owauza. Ine thukuta lili kamukamu. Kwa nthawi yoyamba kaganizo kena kanayamba kundikanda m'mutu: masiku awiri oyambirira aja, ndisanaithandize, galimotoyi inalibe vuto.

Pa galaja panali anthu: madalaiva a mataxi atatu ndi mayi wogulitsa zitumbuwa. Amayi anatsika, keke atasiya pampando, n'kuyamba.

"Ba Chanda! Iyi ndiye nchito yamene bantu bakutamandilani? Motoka yanga inabwela na chifuwa, mwaibweza na khunyu!"

Ba Chanda anavula chisoti. "Pepani, mayo. Lekani motoka ikambe yeka."

Zimene ndinaona kenako sindidzaziiwala. Anatenga kapu ya madzi n'kuiika padenga la galimoto, injini ikulira. Madzi anayamba kuvina. Anatsegula boneti, n'kugunditsa sikuludiraiva yaitali pa injini, chogwirira chake chili kukhutu, maso atatsinzina. "Injini ilibe mulandu," anatero. Anandiuza kuti ndiponde mafuta kenako ndisiye. "Pha!" Wa zitumbuwa analumpha, koma iwo anangogwedeza mutu ngati amva moni. Anapita kumbuyo, n'kutseka pakamwa pa ekizozi ndi chinsanza. Pansi pa galimoto, chapakati, panamveka "fyuuu."

"Mwamvela? Ipumila pakati. Jointi yatseguka, mphepo ingena, ikumana na mafuta yamene siyanapye bwino, ndiye yaphulika mu paipi. Manje tione chamene chaitsegula."

Anayala katoni n'kulowa pansi. Tinkangoona nsapato zawo. Nsapatozo zinayenda pang'ono, kenako zinaima. Zinakhala chete nthawi yaitali. Kenako zinayamba kugwedezeka, ndipo ndinadziwa kuti munthu akuseka mopanda mawu. Dzanja linatuluka: "Nipaseni pulayala." Tinamva "kete, kete, kete." Atatuluka, nkhope yawo inali yofatsa, ndipo thumba la ovolosi linali litatupa. Anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Mayo, ni ine," anatero. "Kali kantu kang'ono ninasiya. Nipaseni mamineti khumi."

"Mwaona!" Amayi anatembenukira kwa madalaiva aja. "Avomela eka! Nizauza bazimai bonse ku chalichi kuti motoka zao bazipeleka kwina!"

Ndikanangokhala chete, nkhani ikanathera pomwepo, ntchito yanga n'kupulumuka. Ndinaona basi ya ku Chadiza m'maso mwanga, ndinamva ngakhale fungo la mipando yake. Koma ndinaonanso munthu amene amapukuta sipanala iliyonse ataima chisoti m'manja, akusenza uchitsiru wanga pamaso pa makasitomala ake. Ndinagwada pa dothi la oyilo, buluku langa la ku maukwati lomwe.

"Amayi, si iwo. Ndine. Ndinaona ikugwedezeka, ndiye ndinamanga."

"Unamanga chani?"

Ba Chanda anausa moyo, n'kutulutsa mawaya atatu m'thumba. Amayi anatenga umodzi, n'kuutembenuza, kuyang'ana mapotedwe ake.

"Uku ni kumanga kwa atate," anatero. "Mwana uyu wamanga motoka yanga monga khola ya mbuzi!" Anauyang'anitsitsanso. "Ndipo ni waya wanga woyanikapo vovala!"

Madalaiva aja anaseka mpaka mmodzi anakhala pansi pa tayala. Ba Chanda okha ndi amene sanaseke. Anandigwira paphewa n'kundidzutsa.

"Mvela, mwaiche. Injini ikalila imavina, na paipi ifunika ivineko. Tumalabala tuja ndiye tumamwa kugwedezeka. Iwe unaimanga, ndiye motoka yonse inayamba kuvina m'malo mwake. Elo unadonsa maningi mpaka jointi yaseguka, gasiketi yapya." Anaonetsa anthu waya uja. "Koma onani kumanga uku. Pulayala yanga yalila. Ku mugodi uyu sembe tinamulemba nchito."

Sindikudziwa ngati munaonapo munthu akukudzudzula n'kukusiya wamtali kuposa mmene anakupezera. Ine ndinaona tsiku limenelo.

Anaziziritsa paipi ndi nsanza yonyowa, kuika gasiketi ina yotseka mpata pa jointi paja, kumanga mabawuti. Anabwezera kapu ya madzi padenga n'kundiuza kuti ndilize. Madzi anangokhala phee, moti nditasuzumira ndinaona mtambo m'kapumo. Ndinaponda, kusiya. Zii.

Nthawi yonseyi Amayi nawo anali pa ntchito yawo. Anayala chitenje choyera pa benchi ya Ba Chanda, n'kutulutsa m'chikwama kampeni ndi kachitini ka shuga woyera wophikira (amayenda nazo nthawi zonse, ndinadziwa tsikulo). Anabweza nsanjika, kutseka dzenje la chala ndi duwa latsopano, n'kuyanjanitsa mkwati ndi mkazi wake. Madalaiva anasiya kuseka n'kumangoonerera. Atamaliza, Amayi anaima pakati pa galaja, pomwe anaima pokalipa paja, n'kukweza mawu chimodzimodzi.

"Ba Chanda, nakulakwilani. Imwe bonse munamvela nikutukwana, mvelani futi nikupepesa."

Keke inafika ku Mtendere alendo akuyamba kumene kulowa. Anthu anaijambula ndi mafoni, ndipo mayi wa mkwatibwi anati duwa la m'mbali lija ndi limene linamusangalatsa kwambiri.

Tinabwerera kunyumba. Titafika pa geti, ndinatsika n'kuwapatsa makiyi ndi manja awiri, mutu uli pansi.

"Nizachita nayo chani?" anandifunsa. "Ninakamba kuti keke ikaonongeka. Yaonongeka?"

"Ayi, Amayi."

"Ndiye sunga. Koma pakamwa apo si podyela chabe. Ukaona chintu sunachimvetse, funsa. Elo vovala vanga mailo m'mawa nifuna kuyanika."

Papita zaka ziwiri tsopano, ndipo makiyi akadali m'thumba langa. Mawaya aja Ba Chanda anawapachika pa msomali wawowawo, pakati pa masipanala, ndipo amawapukuta pamodzi ndi zida zina. Ndikapita ndi galimoto amandilola kugwira sikuludiraiva kukhutu, ndipo ndimafunsa mafunso mpaka amati, "Mwaiche, lekako, makutu yanga yalema."

Ndiye ndinganene kuti ndinaphunzira: si chilichonse chogwedezeka chimene chikugwa. Koma ku tchalitchi kwathu kuli fani ya kudenga imene imagwedezeka ikamazungulira, pamwamba penipeni pa mpando wa abusa. Lamlungu lililonse ndimaiyang'ana ulaliki wonse, manja nditawakhalira. Ndinafunsa kale Ba Chanda, ndipo anati ndiisiye.

Msomali wokha ndimayenda nawobe.