Aliyense Ateteze Cha Bambo Ake

Lolemba
Dzulo tinatuluka m'mapemphero mochedwa chifukwa cha mkangano. Akuti popeza tamanga tchalitchi chatsopano, chakale chigulitsidwe. Wogula alipo kale, bambo wina wa ku Lizulu, akufuna kusungiramo mbatata ya kachewere. Mbatata! M'nyumba imene ndinabatizidwiramo! Akubwera Loweruka kudzachiona.

Ine sindilola. Belu lathu, lomwe mpaka pano limatiitanira ku mapemphero, ndi chidutswa cha njanji chopachika pamtengo wa pakhomo. Anachisenza ndi bambo anga kuchokera ku migodi ya ku Joni. Anabwerako ndi zinthu ziwiri basi: chifuwa ndi chitsulocho.

Pulani yanga:
– kuyenda khomo ndi khomo
– kukumbutsa banja lililonse chimene makolo awo anapereka
– Loweruka tonse tikaime pakhomo, wogula achite manyazi

Lachiwiri
Ndayamba ndi anaNgozo, mayi wamasiye wa kuseri kwa phiri. Ndawakumbutsa kuti chitseko chachikulu anagula ndi malemu amuna awo atabwera ku mapulazi a ku Halale. Agwetsa misozi. "Inu, chitseko cha abambo akwathu chizitsekera mbatata? Ayi!"

Mawondo akuwawa, koma mtima uli m'malo.

Lachitatu
Makomo asanu ndi awiri, zitunda zokhazokha. Ndikutchula chimodzichimodzi: mawindo a kwa Phiri, mabenchi a kwa Maseko, gome la mgonero la kwa Gama. Paliponse mawu anga ndi amodzi: "Aliyense ateteze cha bambo ake."

Pobwerera ndadzera ku tchalitchi. Chitseko palibe! Akuti anaNgozo anatuma ngolo m'mawa.

Lachinayi
Anthuwa andimvetsa kuposa mmene ndimafunira. Zachoka lero:
– mawindo anayi
– gome la mgonero
– mabenchi onse, kupatula lothyoka lija lopanda mwini

Ndapita kwa a Maseko kukadandaula. Andilandira ndi manja awiri, n'kundikhazika pa limodzi la mabenchi omwewo. "Si munanena nokha, akulu? Ife tateteza."

Andipatsa thobwa, ndamwa, ndabwerera. Ndatopa.

Lachisanu
Lero ndi malata. A kwa Jere akangana ndi a kwa Phiri, aliyense akuti denga anagula ndi bambo ake. Agwirizana mwachikhristu: awa asasule kum'mawa, awo kumadzulo. Mileme yabalalika dzuwa likuswa mtengo.

Abusa andiitanitsa. "Bambo, ife timafuna kungogulitsa. Inu mwachita kugwetsa." Ndayang'ana pansi ngati mwana wakuba shuga.

Kunyumba nako, mkazi wanga: "Nanga chitsulo cha apongozi anga mukudikira kuti atenge wina?" Ndamukalipira. Ine sindine munthu wotero.

Loweruka
Obwera kudzaima pakhomo:
– ine
– mbuzi zitatu

Wogula wafika pa lole. Wazungulira kamodzi, walowa, wayang'ana kumwamba, mitambo ili poyera. "Muno mbatata yanga ingawole," watero, n'kukwera lole, ulendo.

Ndiye kuti tapambana. Tchalitchi sichigulitsidwa. Woimba nthungululu palibe.

Masana ndapeza a Gama akuzungulira mtengo wa belu, maso ali m'mwamba. Akuti waya womangira chitsulocho anagula ndi bambo awo. Ndathamangira wilibala.

Lamulungu
Chitsulo chili kunsi kwa bedi. Msana ukundiwawa. Kuchokera pa tchalitchi kufika pano pokha ndinapuma kanayi, nanga bambo anachita bwanji kuchokera ku Joni?

Belu silinalire lero, ndiye theka la mpingo lafika ulaliki uli pakati. Abusa sanandiyang'ane n'komwe.

Pobwerera ndaima pa chakale chija. Makoma anayi ndi benchi lothyoka. Ndakhalapo pang'ono, chisoni chandigwira. Zatsala ndi njerwa zokha, ndipo mabanja amene anaziumba ndikuwadziwa onse, khomo ndi khomo.

Sindiuza munthu.