A Abdulhamid Sankadula Mapazi

Mukapeza chithunzi chakale cha munthu wa ku Nkhotakota, mutu uli kang'onong'ono kumwamba uko koma mapazi akuoneka bwinobwino mpaka kachala kakuthera, musavutike n'kufunsa kuti anajambula ndani. Ndi malemu a Abdulhamid amenewo, eni situdiyo ya kuseri kwa msika pa boma. Bambo aja anajambula maukwati, ana a sukulu, mashehe ndi asodzi kwa zaka makumi atatu, koma sanadulepo munthu mapazi ngakhale kamodzi.

"Nkhope imanama," ankatero iwo. "Munthu amamwetulira m'mimba muli pululu. Koma phazi likatupa latupa, likang'ambika lang'ambika. Wachibale ali ku Joni akalandira chithunzi, amayamba wayang'ana pansi kuti adziwe ngati kumudzi kuli bwino."

Tsono kasitudiyo kawo kanali kopanikiza. Kuti mapazi alowe m'kamera, ankabwerera chambuyo, diso lili pagalasi, kutuluka pakhomo, kutsika khonde, mpaka kukaima pakati pa msewu. Apanjinga onse ankadziwa kuti pamenepo pofunika mabuleki. Tsiku lina anakakhala mwaulemu m'dengu la tomato la mayi wina wogulitsa, miyendo m'mwamba, koma anakuwabe ali momwemo kuti, "Musagwedezeke!" Chithunzicho chinatuluka, mapazi onse ali m'malo.

Kalilu, msodzi wa ku Chia, anafuna kachithunzi ka pasipoti. Anamujambula yense wathunthu. Mawa lake anabwerera thukuta lili kamukamu.

"Akana, a Abdulhamid. Akuti akufuna mutu ndi mapewa basi."

"Akutero ndani?"

"Aboma."

"Kawafunse abomawo, iwe ukadzathawa udzathawa ndi mapewa?"

Atakangana mpaka nthawi ya swala, pemphero la masana la kumzikiti, anatenga sizasi n'kumupatsa Kalilu, iwo n'kuyang'ana kukhoma. "Dula wekha. Tchimo limenelo ine ayi." Miyendo yodulidwayo anaitola n'kuiponya m'chitini cha mabisiketi. "Ukadzaifuna, ili muno." Chitinicho chinadzaza ndi miyendo ya theka la boma.

Analinso ndi shelefu ya nsapato zobwereketsa, ndipo asanajambule ankafunsa kuti chithunzicho chikupita kwa ndani. Ukati kwa chibwenzi, ankakuveka za chikopa zopukuta bwino, kaya zikule kaya zithine. Ukati kwa achimwene amene anaiwala kwawo, ankati, "Vula. Aone ming'alu." Phazi silinama, inde, koma iwo ankalithandizako pang'ono. Matipate atabwera, anthu ankafika ndi nsalu za zipani, mwezi uno mtundu uwu, mwezi wamawa wina. Iwo ankangoyang'ana pansi n'kunena kuti, "Pamwamba mwasintha, koma zala ndi zomwe zija."

Munthu amene nkhani ya mapaziyi inamusowetsa mtendere ndi Shamsa, mwana wa mchemwali wawo. Anakulira m'situdiyo momwemo, ndipo kamera anayamba kuigwira m'manja mwa amalume akewo. Atasankhidwa kupita kukoleji ku Blantyre kukaphunzira utolankhani ndi kujambula, anakamva zina. Kumeneko ankati diso la woona lizigwera pankhope, chosafunika chidulidwe, malo pachithunzi asawonongeke. Anzake ataona chithunzi chake chojambulidwa ndi amalume chimene anapachika pamwamba pa bedi, anaseka mpaka misozi. "Kodi kwanu mumagulitsa nsapato?" Shamsa anaseka nawo, kenako anachibisa pansi pa sutikesi.

Mu 1998 kolejiyo inapeza kompyuta imodzi yolumikizidwa ku intaneti, ndipo mphunzitsi analonjeza kuti nkhani yolembedwa bwino koposa iikidwa pamenepo. Shamsa anakumbuka katoni ya amalume ya zithunzi zimene eni ake sanabwere kudzatenga. Patchuthi anasankhamo khumi. "Ndikaonetse aphunzitsi," anatero, ndipo amalume anamukulungira okha m'nyuzipepala. Nkhani imene analemba m'Chingerezi mutu wake unali wakuti Zolakwa Khumi za Ojambula Akumudzi. Chithunzi chilichonse anachilemba nambala ndi tchimo lake. Inapambana ndithu, kalasi yonse inawomba m'manja.

Tchuthi chotsatira, asanatule n'chikwama chomwe, amalume anali atafunsa kale.

"Aphunzitsi ako ati bwanji?"

"Azikonda, amalume. Mpaka aziika pa intaneti."

"Intanetiyo n'chiyani?"

"Ili ngati khoma, koma limaoneka dziko lonse."

"Khoma la dziko lonse! Subuhana! Nanga pepala lake lili kuti?"

Pepala linali m'chikwama, chifukwa wolemba aliyense amayenda ndi nkhani yake. Shamsa anaganiza mwachangu: amalume amawerenga Chiarabu ndi Chichewa, koma Chingerezi chawo chimathera pa "simayilo". Anawapatsa. Kulakwa kwake kwachiwiri kunali kumeneko, ndipo kunaposa koyamba.

Pofika madzulo pepalalo linali m'felemu ya galasi, litapachikidwa pa msomali umene kale pankakhala chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Aliyense wolowa ankayamba waimikidwa pamenepo.

"Waona? Zithunzi zanga izi. Azungu akuziona ku Ulaya pompano tikulankhula pano. Walemba ndi mwana wathu uyu, dzina lake ili pamwambapa."

Shamsa ankangofuna nthaka itang'ambika. Tsiku lina analowa a Feston, aphunzitsi a Chingerezi a kusekondale. Anavala magalasi, anawerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, anatsokomola, kenako anayang'ana Shamsa nthawi yaitali.

"Chingerezi chabwino ndithu," anatero a Feston.

"Wamva?" anatero amalume. "Ngakhale aphunzitsi avomereza!"

Shamsa anayesa nzeru zonse kuti felemuyo itsike. Anati galasi lachita fumbi, akalipukute kunyumba. Amalume anati apukuta kale m'mawa. Anati dzuwa liwononga pepala. Amalume anasokera kansalu kotchinga pazenera. Anati muli tina tolakwika tofuna kukonza. Amalume anati ngakhale mpunga wabwino supanda timiyala. Pofuna kuwakopa kuti mwina asinthe okha, anawabwereka kamera n'kuwajambula mwa kukoleji, kulekeza pachifuwa, nkhope yodzaza chithunzi chonse. Atachitsuka, amalume anachiyang'ana mozondoka, anachiyang'ananso mowongoka.

"Chakongola," anatero. "Koma nanga ndafika bwanji pamenepa wopanda miyendo?"

Chimene chinatsala n'kungonena zoona, ndipo Shamsa ankadziwa. Ankakonza mawu ali m'basi, kuchokera ku Salima mpaka ku Benga ali nawo pakamwa, koma akangoona amalume akumuthamangira ndi manja awiri, ankangowapatsa moni n'kuyamba nkhani zina. Ankati ndinena mawa, mawa likafika ankati ndinena tchuthi chinacho. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Lachiwiri lina mu Febuluwale, atadikira pamzere wa kompyuta maola awiri, anapeza kalata yochokera kwa munthu wosamudziwa, dzina lake Lenard, wokhala ku Canada. Inalembedwa m'Chichewa chakale, cha munthu amene wakhala nthawi yaitali osachilankhula.

"Ndinkafufuza dzina la kwathu pa makinawa ndipo ndapeza nkhani yanu. Chithunzi chachitatu, chimene mwati theka lonse langothera mapazi, ndi mayi anga a Esitere a ku Benga. Ine ndinathawa m'dziko muno mu 1977 pa nkhani za ndale. Patapita zaka zisanu ndinawatumizira nsapato za zingwe ziwiri kudzera mwa dalaivala wa lole. Makalata sankafika. Anamwalira ndisanabwerere, ndipo chithunzi chawo ndilibe. Zaka zonsezi sindinkadziwa ngati nsapatozo zinafika. Lero ndaziona. Zinafika, ndipo zinawakwana. Chonde, amene anajambulayo mukamuthokoze, ndipo chithunzicho musachidule."

Shamsa anawerenga katatu, a pamzere akung'ung'udza kumbuyo. Anasindikiza kalatayo n'kulumbira kuti Loweruka akwera basi, akanena zonse, kuyambira mutu wa nkhani ija.

Lachinayi mayi wina wophika kukolejiko anamuimitsa pakhomo la kodyera. "Kodi si iwe wa ku Nkhotakota? Dzulo pa wailesi, pa mauthenga a maliro, anatchula Shamsa." Amalume anali atagwa n'kumwalira Lachiwiri lomwelo m'mawa pochokera kumzikiti, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa mwambo. Kalata ya ku Canada inamupeza m'kanthawi kochepa, koma uthenga wa kwawo unatenga masiku awiri, n'kudzera kukhitchini.

Anafika manda atauma kale. Pa sadaka ya masiku makumi anayi anabweranso, ndipo anthu atabalalika, mayi Mwanahalima, akazi a malemuwo, anamutenga kukatsegula situdiyo. Zonse zinali m'malo: shelefu ya nsapato, chitini cha miyendo, ndi felemu ija pa msomali wake, galasi lili mbee.

"Azakhali," anatero Shamsa, "pepala ili silikuwatamanda amalume. Ndinawanyoza. Ndinawasandutsa choseketsa pamaso pa dziko lonse, ndipo anapita osadziwa."

Mayi Mwanahalima anamuyang'ana, kenako anaseka kaphwete kotopa, ka munthu amene walira masiku ambiri.

"Osadziwa ndani? A Feston anawawerengera m'Chichewa sabata yomweyo iwe utangobwerera kusukulu. Amalume ako ndiwo anawakakamiza. Mawu ndi mawu, kawiri."

Shamsa anakhala pansi pa benchi ya makasitomala. "Ndiye anati chiyani?"

"Tsiku limenelo sanadye, sanalankhule. Ine ndinati tichotse chinthuchi tikolezere moto. M'mawa mwake anati, 'Mwana uyu amaona. Pa chithunzi chachisanu ndi chiwiricho akunena zoona, mtengo wa papaya uja ukuonekadi ngati wamera pamutu pa mkwati. Zinazo adzazimvetsa akadzayenda.'"

"Nanga bwanji sanachotse?"

"Anati dzina lako lili pamwamba, lolembedwa ndi makina. Akachotsa, anthu adziwa bwanji kuti mwana wa m'nyumba muno walemba zowerengedwa dziko lonse? Anawauzanso a Feston kuti akadzangokuuza kuti iwo akudziwa, sadzawajambulanso mpaka kufa. Ankati ungachite manyazi n'kusiya kubwera."

Manyaziwo anamugwira pamenepo, ochokera kumutu mpaka kumapazi. Analira osabisa nkhope. Atatha, anatulutsa kalata ya Lenard n'kuwawerengera azakhali ake, popeza mwini wake woyenera kuimva panalibe.

"Esitere wa ku Benga!" anatero mayi Mwanahalima. "Ndikumukumbuka. Anabwera nsapato zili m'manja, anavalira pakhomo pano kuti zisade. Chithunzi chitatuluka anaopa kuchitumiza, paja mwana wake ankatchedwa chigawenga masiku amenewo. Anaopanso kuchisunga m'nyumba. Amalume ako anati chikhale, mwini wake adzabwera. Ine ndinkafuna kutaya katoni imeneyo chaka ndi chaka."

Chithunzi cha mayi Esitere chinapita ku Canada pa positi mwezi womwewo, chathunthu. Nkhani ija Shamsa anapempha kuti ichotsedwe pa intaneti, koma ya pakhoma azakhali anakaniza. "Anaipachika okha, idzagwa yokha."

Atafufuza m'makatoni onse, anapeza kuti munthu amene anajambula boma lonse analibe chithunzi chakechake. Chinalipo chimodzi chokha, chija anajambula Shamsa, cholekeza pachifuwa.

Masiku ano ojambula pa boma ndi ambiri, achangu, ndipo palibe amene amakufunsa kuti chithunzi chikupita kwa ndani. Amakudula m'chiuno iwe usanakonze n'kolala yomwe. M'situdiyo muja muli telala tsopano, koma apanjinga akale akafika pamenepo amagwirabe mabuleki, n'kuyang'ana pakhomo ngati mutuluka munthu chambuyo. Msewu wa kuseri kwa msika unangoti zii, ngakhale anthu amadutsamo tsiku lonse.

Shamsa amajambula za nyuzipepala mumzinda, ndipo akonzi amadandaula kuti amawononga malo pa tsamba. Iye amangobwerera chambuyo pang'ono. Kunyumba kwake, chithunzi cha amalume chija anachipachika m'munsi kuposa zithunzi zina zonse, moti alendo amadabwa. Pansi pake, pasimenti, anaikapo nsapato zawo zakale zokutha chidendene, zitayang'ana kukhomo.