Chikho cha Agogo Vera

Mpaka lero ndikayang'ana khomo loyang'anizana ndi lathu kuno ku Shawlands, kudziko la azungu, manyazi amandigwira. Ulemu wanga womwewu unaliritsa munthu wamkulu.

Pakhomopo pankakhala agogo Vera, okhala okha, opanda mwana, amene makolo awo anachokera ku Russia kalekale. Tinazolowerana. Ine ndinkawanyamulira zikwama pokwera masitepe, iwo n'kumandikalipira kuti sindivala zokwanira kukazizira.

Loweruka lina anagogoda atanyamula chikho chasiliva chooneka ngati kabwato, cha chogwirira chimodzi, m'mbali muli zilembo zachilendo. Munali maswiti. "Tenga," anatero pa Chingerezi, n'kubwerera.

Maswitiwo tinadya. Koma ine ndinaleredwa bwino (amayi anga amve kumene aliko), ndipo kwathu mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu. Ndinakazinga mtedza, kudzaza chikho, kukapereka ndi manja awiri. Anandiyang'ana, anayang'ana mtedza, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

M'mawa mwake chikho chinabweranso, muli mabisiketi. Ndinati eee, ndi mpikisano eti? Simukundidziwa. Ndinabweza ndi mandasi. Chinabwera ndi chokoleti, ndinabweza ndi zitumbuwa. Ndinafika pokasaka ufa ku Pollokshields kuti ndiwaphikire chigumu (sichinakwane n'komwe m'chikhomo, ndinachita kudula). Amuna anga anandichenjeza: "Amake Tadala, agogo aja akuoneka okhumudwa." Ine ndinati mwina shuga akuchepa.

Tsiku limene ndinapititsa chigumucho sanalandire. Anandilowetsa m'nyumba, muli makatoni okhaokha, n'kukhala pampando misozi ili mbwembwembwe.

"Mwana iwe, ukuchikaniranji? Kodi n'chifukwa choti sindine m'bale wako?"

Ndipamene anandifotokozera. Chikhocho amachitcha kovshi. Agogo awo anachoka nacho ku Russia atachisokerera m'chijasi, ndipo pa ukwati ndi pa ubatizo uliwonse m'banja mwawo anthu ankamweramo mopatsirana. Ogula zinthu zakale anachifuna, iwo anakana. Tsopano ankasamukira kunyumba yosamalirako okalamba, ndipo ankafuna chikhale ndi munthu woti azimweramo. Maswiti aja anangoikamo poopa kuti mphatso yaikulu ingandichititse manyazi.

Ndiye kuti masiku onsewa ndinkabweza cholowa cha banja lonse, chili noninoni ndi mafuta a mandasi.

Ndinagwada. "Pepani agogo, kwathu..." Ndinadzuka n'kunyamula chikhocho. Ndinakachitsuka ndikulira. Iwo anathiramo tiyi (vinyo adokotala anawaletsa), anamwa, n'kundipatsa. Kenako anatchula mayina a onse amene anamwerapo, mmodzimmodzi, omwalira okhaokha. Pomaliza anatchula langa, molakwitsa monga mwa masiku onse, ndipo sindinawakonze.

Ndinatuluka nditachikumbatira pachifuwa. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti kulandira nakonso ndi ulemu, ngakhale ndiulule kuti ndisanatsegule chitseko changa ndinali nditayamba kale kuganiza choti ndiwaphikire.