Pansi pa Wigi ya Edinesi

M'mudzi wina, womwe dzina lake tisalitchule poopa kudana ndi achibale, munali mtengwa wotchedwa Edinesi amene mutu wake unkasinthasintha ngati bilimankhwe. Lolemba tsitsi lofika m'chiuno. Lachitatu lalifupi lopotanapotana. Lamulungu ankavala wigi yofiira ngati tsabola wakupsa, moti mlaliki ankasochera ndime.

Mwini wake ankangoti mawigi amamusangalatsa, basi. Koma inu mukudziwa, kumudzi kulibe chinthu chothera pa "basi."

Mlamu wake, a Nangondo, mchemwali wamkulu wa mwamuna wake, anadzisankha kukhala Wapampando wa Komiti Yoona za Mitu ya Eni. Mlembi anali iwo omwe. Ofesi inali pamjigo.

"Alamu, tsitsili ndi lanu?"

"Langa, ndinagula," ankayankha Edinesi.

"Nanga mwini wake ali moyo?"

"Sanandisiyire nambala."

"Nsabwe mumazidziwitsa mukamasintha?"

"Zimasamuka zokha, alamu. Zimakonda mitu yaphokoso."

Komiti inagamula kuti pansi pa wigipo pali dazi. Ena ankati pali chipsera cha mankhwala a kusaluni. Mayi wina wa kwaya analumbira kuti pali kanyanga ngati ka mbuzi, eti n'chifukwa chake nkhuku za Edinesi sizifa ndi chitopa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayi awo a Nangondo, apongozi a Edinesi, anamwalira atakalamba bwinobwino. A Nangondo analira zenizeni, tisawanamizire, koma diso limodzi linali pa tsiku lometa.

Paja masiku ano kumeta maliro ndi dzina chabe. Adzukulu amangodula katsitsi pachipumi, mwambo watha. Koma tsikulo a Nangondo anaimirira n'kumanga chitenje.

"Mayi anga sanali munthu wa katsitsi. Achibale tonse, ndi atengwa omwe, mpala. Wokana ndiye kuti sanalire, asonkhanitse mapoto ake azipita kwawo."

Edinesi anayang'ana mwamuna wake. Mwamuna wake anayang'ana nyerere. Ana a Edinesi anabadwira pamudzipo, dimba lake linali pomwepo, ndipo kwawo kunali kutali.

"Poti tabwerera ku mwambo, ayambe mwana wamkulu," anatero a Zingani, mkulu wa adzukulu, akutsegula lezala.

A Nangondo anakhala pampando mokondwa, nkhope ataloza kwa Edinesi kuti asaphonye kanthu. Tsitsi lawo, lomwe analisamalira ndi mafuta chaka chathunthu, linagwa ngati udzu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mmodzimmodzi achibale anametedwa mpaka bwalo lonse linkang'anima.

Itafika nthawi ya Edinesi, ngakhale ophika anasiya miphika. Iye anakhala pansi, n'kuvula wigi yofiira ija, n'kuiika pamwendo ngati mwana.

Pansi pake panali mutu.

Mutu wamba, wa tsitsi lalifupi lakuda, ngati wa aliyense. Mayi wa kwaya uja anapempha kuti apapaseko, mwina nyanga ili m'kati. A Zingani anameta, Edinesi anabwezerapo wigi yake, n'kupita kukatsuka mbale akuoneka monga momwe anaonekera m'mawa.

Apa m'pamene a Nangondo anakumbukira kuti ukwati wa mwana wawo wamwamuna unali mwezi womwewo, makadi atagawidwa kale, akuchikazi ali anthu a m'tauni obwera ndi wojambula. Ndipo mutu wawo, ndikuuzani, unali ndi makona ngati dzungu lokulira pakati pa miyala. Anayesa duku, linkaterereka ngati sopo.

M'mawa wina anapezeka pakhomo pa Edinesi.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Kodi zinthu zanu zija zimatentha kwambiri?"

"Lowani musankhe, alamu."

Anasankha yofiira.

Tsiku lomwelo Komiti inakumana mwadzidzidzi n'kukhazikitsa lamulo latsopano: kulankhula za tsitsi la munthu ndi mwano wosayenera mudzi wotukuka, ndipo wolakwa adzapereka tambala wamoyo.

Tsiku la ukwati a Nangondo anakana kuvekedwa, ati iwo si mwana. Analowa m'holo atavala wigi kumbuyo kutsogolo, kansalu ka kufakitale kakulendewera pachipumi, tsitsi litatsika pankhope ngati katani. Ankalipatula ndi zala kuti aone kovinira. Amayi a kwaya anaona, anakhala chete. Mwamuna wa a Nangondo anaona, anakumbukira tambala wake. Akuchikazi anayesa ndi mwambo wa kuno, anaombera m'manja.

Edinesi yekha anamva chisoni. Wojambula akuitana makolo a mkwati, Edinesi anayandikira a Nangondo n'kunong'ona.

"Alamu, pamutupo..."

A Nangondo anapatula katani uja, n'kumuloza chala.

"Lamulo, alamu."

Edinesi anapepesa mwaulemu, n'kupatuka kuti asatchinge kamera.