Seva Yopemphera ya a Jeremiya

Ku Chulu konse kunalibe munthu wodziwa kugawa intaneti ngati malemu a Jeremiya, mkulu wa mpingo amene ankasamala seva ya pa ofesi ya kalabu ya alimi a fodya, makina ogawira intanetiyo. Ankaigawa ngati feteleza wa makuponi: mlembi yambiri, tcheyamani yapakatikati, achinyamata okonda mavidiyo kadontho chabe. Ndipo kwa iwo seva sinkalakwa. Olakwa anali anthu.

Chaka china, sabata yomaliza yolembetsa mabelo opita ku okushoni, intaneti inayamba misala. Inkathamanga bwinobwino, koma magetsi akangophethira, basi yayamba kukwawa. Alimi anadzaza khonde lonse.

"Jane, mwana iwe, ukuonera mafilimu," anatero a Jeremiya kwa mlembi.

"Bambo, ngakhale dzina la mlimi likukana kupita."

"Ndiye ndi atcheyamani."

Anawadulira intaneti atcheyamaniwo. Sizinasinthe. Anakwera padenga, imvi zili mbuu, kukathamangitsa nkhunda zimene ankati zikukhalira netiweki. Nkhunda zinachoka, vuto linatsala. Apa zinthu zinafika povuta: mabelo akapanda kulembedwa pofika Lachisanu, fodya wa midzi yonseyo atsalira m'zigafa.

Lachinayi Jane anasuzumira pa sikirini ya sevayo.

"Bambo, lero ndi lachingati?"

"Lachinayi."

"Nanga seva yanuyi ikuneneranji kuti ndi Lamulungu?"

A Jeremiya anakhala pansi pang'onopang'ono. Kalekale anaikamo lamulo mobisa lakuti Lamulungu m'mawa intaneti izikwawa, kuti anthu azipita kutchalitchi. Tsono kabatire ka wotchi ya m'makinamo kanali katatha, ndipo magetsi akathima n'kuyakanso, seva inkadzuka ikuganiza kuti kwacha Lamulungu.

"Mwaona," anatero atatsokomola kawiri, "makinawa ndi opemphera kuposa inu nonse."

Anapalasa njinga mpaka kuboma kukagula kabatireko, ndipo belo lomaliza linalembedwa Lachisanu dzuwa litapendeka.

A Jeremiya anatisiya ndi mvula yoyamba ya chaka chatha. Tsopano seva imayang'aniridwa ndi kampani ina ya ku Lilongwe, anthu amene palibe anawaonapo nkhope. Intaneti siimanso. Mlimi amalowa, n'kulembetsa, n'kutuluka, osafunsa n'komwe kuti kunyumba mwadzuka bwanji. Jane amati masiku ena amatseka ofesi asanaseke ngakhale kamodzi.