A Njobvu Atisiya

Nzeru zikuluzikulu za m'tauni ya Tafika sizibadwira ku ofesi ya khansala ayi. Zimabadwira kuseri kwa bala ya Tiyamike, chibuku chikayamba kukwera m'mutu. Kumeneko n'kumene amuna atatu anakhala Lachinayi lina masana, nkhope zili ndwii ngati nduna zokambirana za njala.

Wamkulu wawo anali Boaz, amene anzake ankamutcha Jenerali chifukwa anagwirako ntchito ya ulonda pa sitolo ina ku Chipata, ndipo atamuchotsa anakana kubweza chipewa. Wachiwiri anali Fulansisi, wodziwika kuti Dizilo, woyendetsa kanta, galimoto yonyamula katundu ya amalume ake. Wachitatu anali Ackim, wopenta nyumba. Iyeyu tauni yonse inkamutcha Mkamwini, ngakhale kuti ukamwiniwo unali usanamugwere.

Nkhani ya Ackim inali yomvetsa chisoni, ukaimvera kutali. Ankafuna kukwatira Edita, mtsikana wa m'kwaya. Tsiku lina mayi ake a Edita anabwera kudzaona kumene mwana wawo adzakhale, ndipo Ackim anawalandira ndi ulemu wonse, n'kuwakhazika pa chitini cha penti. Mayiwo anadzuka chitenje chili ndi mkombero wabuluu kumbuyo.

"Mwana wanga sangakwatiwe pakhomo pamene alendo amakhala pa chitini," anatero.

"Masofa ali m'njira, amayi. Akuchokera ku Lusaka," linatero pakamwa pa Ackim, mutu usanafunsidwe.

Tsopano mayiwo anali atatumiza mawu kuti Lamlungu abweranso ndi alongo awo, kudzakhala pa masofa a ku Lusaka aja.

"Vuto lako ndi laling'ono, Mkamwini," anatero Jenerali, akupukuta thovu pamlomo. "Loweruka kuli Ncwala, mwambo wa Angoni uja, ku Mtenguleni. Kodi a Gideon Njobvu, Mngoni uja wonyada, angalephere kupita? Anyamula banja lonse. Iwe unapenta nyumba yawo chaka chatha. Kiyi amabisa pati?"

"Pansi pa mphika wa maluwa."

"Waona? Olemera alibe nzeru, ali ndi ndalama chabe. Iwe masofa, ine TV, Dizilo firiji."

"Nanga a nebahudu, mudala?" anafunsa Dizilo, kunena achitetezo a m'dera aja oyenda akuliza mapinto.

Jenerali anaseka mpaka kutsokomola. "Amayenda usiku, boyi! Ife tipita masana. Wakuba usiku amathamangitsidwa, wakuba masana amapatsidwa moni. Tauni ino ndimaidziwa ine. Komiti ya mjigo ilipo, madzi kulibe. Komiti ya msewu ilipo, ndipo m'maenje a mumsewumo abakha amasambamo. Komiti ya zinyalala imachitira msonkhano pamwamba pa zinyalala. Palibe chimene chimagwira ntchito kuno. Ndani angatigwire?"

Jenerali sananame. Anangoiwala komiti imodzi yokha.

Loweruka dzuwa litakwera, msewu wa a Njobvu unali zii. Kiyi inali pansi pa mphika, monga mwa chikhalidwe cha olemera. Dizilo anawatsitsa pageti, n'kunena kuti akukathira mafuta, abwera pompano. Sanawauze kuti panali anthu ofuna kuti awanyamule pamalipiro mpaka pamphambano ya ku Mtenguleni, ndipo kanta yopanda kanthu imamuwawa mumtima.

Ackim atalowa m'chipinda chochezera anaima kaye. Masofa aja anali ofiirira, onenepa ngati ng'ombe za mkaka. Anasisita lalikulu ndi dzanja, ndipo m'maganizo mwake anaona mayi ake a Edita akumira m'menemo.

"Usalipempherere, linyamule!" anatero Jenerali. "Titulutsiretu zonse, kanta ikafika tingokweza."

Anatulutsa masofa, mipando, tebulo, ngakhale kapeti. Ndipo popeza Jenerali anali munthu wa dongosolo, analamula kuti aziike mwaukhondo pamthunzi wa mtengo wa mapeyala, moyang'anizana, kuti wodutsa aliyense asaganize zoipa.

Apa ndiyenera kukumbutsa amene anakulira kutali. Ku Tafika masofa satuluka panja kukawothera dzuwa. Amatuluka tsiku limodzi lokha: pamene m'nyumba mukufunika malo oti amayi akhale pansi n'kulira, abambo n'kukhala pabwalo.

Amake Memory, oyandikana nyumba ndi a Njobvu, anali kuyanika zovala pamene anasuzumira pampanda. Mayiwa anali apampando a komiti ya maliro, komiti ija imene Jenerali anaiiwala, imene sinalepherepo ngakhale kamodzi. Anataya beseni, n'kulowa pageti atagwira pamtima.

"Ana inu! Kwagwanji pakhomo pano?"

Ackim anauma ndi khushoni m'manja. Jenerali anamuponda phazi, kutanthauza kuti asiyire akatswiri. Bodza linali lokonzeka kale: a Njobvu atisiya pano kuti tikolope m'nyumba. Anavula chipewa mwaulemu, anatsitsa mawu ngati munthu wodalirika, nayamba.

"Amayi, a Njobvu atisiya..."

Sanafike patali.

"Mayo ineee! A Njobvu atisiyaaa!"

Mfuu umenewo unadumpha mpanda, unawoloka ngalande, unakafika mpaka kumsika. Jenerali anayesa kukweza dzanja kuti amalize chiganizo, koma amake Memory anamukumbatira, n'kumukanikiza pachifuwa mpaka mpweya unamuthera.

"Usalankhule, mwanawe, limba mtima. Ndiwe ndani wawo?"

"Mdzukulu wawo," anatero Jenerali mobanika. "Tonse awiri. A ku Kasenengwa."

Anthu a ku Tafika, amene ukawaitanira msonkhano wa mjigo amadwala onse mutu tsiku limodzi, anafika ngati linthumbu. Anyamata anadula nthambi n'kuziyala pamsewu. Tenti ya komiti inaima. Miphika ikuluikulu inatulukira kosadziwika. Amayi anadzaza m'nyumba, nayamikira kuti adzukulu a masiku ano ndi ochangamuka, achotseratu ngakhale kapeti. Ena anayesa kuimbira foni akazi a malemu, koma ku Mtenguleni kunali khamu loti foni siinkalowa, ndipo aliyense anagwedeza mutu kuti namfedwa sangayankhe foni.

"Mudala, tithawe," ananong'ona Ackim.

"Wopusa iwe, uwu ndi mwayi," anayankha Jenerali. "Ndani angakayikire anamfedwa? Kanta ikafika tinena kuti katundu akasungidwe kumudzi, awa atithandiza okha kukweza."

Kanta inafikadi. Dizilo anatsika, anaona tenti, anaona masamba pamsewu, navula chipewa.

"Wamwalira ndani?"

"A Njobvu," anamuyankha amake Memory.

"Aaa! Lero lomwe?" Dizilo anayang'ana anzake ndi maso oweruza, ngati akufunsa kuti mwawachita chiyani.

"Mulungu wakutuma, mwanawe. Galimoto iyi ikatenge nkhuni. Anyamata, kwerani!"

Motero galimoto yothawira inanyamuka, itadzaza ndi anyamata ndi nkhwangwa.

Kenaka kunabwera amake Charity, Mubemba wogulitsa kapenta kumsika. Ababemba ndi Angoni ali pa chimbuya, ubale wa nthabwala uja woti wina akaferedwa mnzake amabwera kudzamuseka ndi kumuthira ufa kuti aiwale chisoni. Mayiwa anali atadikira zaka zambiri kuti Mngoni wonyadayo awapatse mpata.

"Ali kuti abale a Mngoni wakufa ndi mbewa pakhosi?" anafuula.

Anthu analoza Jenerali ndi Ackim. Mbale yonse ya ufa inathera pa iwo, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo anthu anaseka m'kati mwa misozi. Anamfedwa awiriwo anakhala mbuu ngati makoswe a m'chigayo.

Ackim anaona kuti zakwana. Kuseri kwa nyumba kunali kampata pampanda, ndipo aliyense anali kalikiliki ndi miphika. Anayenda pang'onopang'ono ngati wopita kuchimbudzi. Mwendo umodzi unali utadutsa kale pamene anamva mawu kumbuyo.

"Bambo Ackim."

Anali mayi ake a Edita, atagwada chapatali, maso pansi. Mayi omwe aja a chitenje cha mkombero. Kumbuyo kwawo kunali Edita m'yunifomu ya kwaya, akumuyang'ana ndi maso onyowa.

"Pepani ndi zovutazi, bambo. Koma bwanji simunatiuze kuti ndinu magazi a a Njobvu? Kudzichepetsa kotereku! Ife tinkangokuonani ngati munthu wamba." Anasuzumira ku mtengo wa mapeyala. "Katundu yenseyu, malemu anali ndi adzukulu angati?"

Munthu wanzeru akanadutsitsa mwendo wachiwiri. Ackim anabweza woyamba uja. Moyo wake wonse palibe amene anamutchapo bambo atagwada.

"Ndife ochepa, amayi," anatero, akuusa moyo. "Sofa lalikululo ankakonda kunena kuti ndi langa."

Anabwerera pabwalo, nakhala pakati pa madoda, akulandira manja a chipepeso mwaulemu waukulu.

Cha m'ma 3 koloko kunafika khansala, a Malcolm, ndi matumba a ufa ndi munthu wowajambula. Bamboyu anali asanaonekepo ku Tafika chipambanireni chisankho, moti ana ena anafunsa ngati ndi m'busa watsopano. Aliyense ankadziwa kuti iwo ndi a Njobvu sankamwerana madzi, chifukwa a Njobvu ankawafunsa za mjigo paliponse pamene akumana. Koma imfa imakonza zambiri. Khansala anaima kutsogolo kwa sofa lalikulu, natulutsa kampango.

"Ndataya m'bale wanga! Sabata yathayi malemu anandigwira dzanja, nati, Malcolm, iwe ndiwe khansala wabwino kuposa onse. Za mjigo usadandaule, anthu akhoza kumwa tiyi."

Pamene ankalankhula, galimoto ina inaima kutali chifukwa cha nthambi pamsewu. Munatsika bambo wamkulu thupi, chifuwa chili pamtunda, zikopa m'chiuno, nthenga kumutu, chishango kumanzere, chibonga kumanja. Foni ya akazi ake inali itagwira netiweki panjira, n'kulandira mauthenga a chipepeso motsatizana ngati matalala. Bamboyo anayenda mpaka kumbuyo kwa tenti, naima, namvetsera. Kenaka anagwira paphewa pa mnyamata wina.

"Maliro a yani?"

"A Njobvu," anayankha mnyamatayo osacheuka. "Khalani chete, akulankhula akuluakulu."

"Malcolm!" Mawu aja anagwedeza tenti. "Ndinakugwira dzanja liti ine?"

Sindinaonepo tauni ikuchita chinthu chimodzi mogwirizana chotere. Kwaya inasiya nyimbo pakati. Amayi anatulukira pakhomo ndi pawindo pomwe. Khansala, amene amati ali ndi vuto la bondo lomulepheretsa kuyendera dera lake, analumpha tebulo osaligunda. Amake Memory okha ndiwo anatsala, poti apampando sathawa maliro awo. Anayandikira, natsina mkono wa malemu.

"Ndinu ofunda, abambo."

"Ndavina tsiku lonse, ndilekerenji kufunda? Wandipha ndani pakhomo panga pomwe?"

"Adzukulu anu a ku Kasenengwa. Anati mwatisiya."

"Ndilibe mdzukulu ku Kasenengwa ine!"

"Sanandilole kumaliza chiganizo!" anakuwa Jenerali, ali kale pa liwiro.

Pakati pa anthu mazana othawa, kugwira awiri kukanakhala kovuta. Koma awiriwa anali oyera mbee, akufuka ufa ngati matumba obooka. A nebahudu, amene anali asanaimbepo mapinto dzuwa likuwala, anawaimba mosangalala. Jenerali ndi Ackim analunjika kugeti, ndipo pomwepo kanta inalowa chobwerera m'mbuyo, itasenza nkhuni mpaka kumwamba, n'kutseka geti lonse ngati chivindikiro. Dizilo anatulutsa mutu pawindo.

"Nditsitsire pati?" Kenaka anaona munthu wa zikopa uja, nakomoka pa chiwongolero.

Apolisi atafika anapeza ntchito yatha kale. Anthu anali atabwerera, chifukwa ndiwo zinali zitapsa ndipo komiti inagamula kuti chakudya cha maliro sichibwezedwa. A Njobvu anadya nawo, akufunsa mmodzimmodzi amene analira ndi amene sanalire. Apolisi anati masofa apite nawo ngati umboni, ndipo popeza panalibe galimoto ina, nkhuni zinatsitsidwa, masofa n'kukwezedwa m'kanta. Jenerali anali atalosera bwino: anthu anathandizadi kukweza.

Ackim anamukhazika pa sofa lalikulu lija, manja atamangidwa ndi chingwe cha tenti. Linali lofewa kuposa mmene ankaganizira. Pansi, pafupi ndi geti, Edita ankalira, ndipo ulendo uno inali misozi yeniyeni yoyamba tsiku lonselo. Mayi ake anamukoka dzanja.

"Tiye kunyumba. Masofa a ku Lusaka aja si awo, wawaona." Anayang'ana Ackim, ndipo mtima wa umayi unawagwira pang'ono. "Mwana iwe, ukanangokhala ndi chitini chako chija cha penti yabuluu. Chinali chonyozeka, koma chinali chako."

A Njobvu anaima ndi fupa m'kamwa.

"Chitini cha penti yabuluu? Chachikulu, chophwanyika chogwirira?" Analoza ndi chibonga. "Bwana wapolisi, lembani. Nachonso n'changa."